Panic bar ikuuma masana, mwini shopu akufuna kumangapo tcheni. Thandizeni akuluakulu

Fitala_Zitseko
Akuluakulu ndathedwa nzeru. Sabata yathayi ndinamanga ma panic bar, zitsulo zopingasa pachitseko zoti ukangokankha chimatseguka, pa khomo lothawira ngozi kuseri kwa shopu ina yaikulu. Zitseko ziwiri zachitsulo, chilichonse 900 mm m'lifupi, kutalika mamita 2.4, zija china chimavundikira chinzake pakati. Chotseguka koyamba ndaika ya latch (kalilime kogwira m'mbali), chachiwiri ya ma rod (timitengo tachitsulo tolowa m'mabowo), m'mwamba ndi pansi. Rod ya m'mwamba inaperewera, ndinachita kulumikiza. Tsiku lomanga zonse zinali bwino, kungogusa ndi chiuno khomo pululu.

Lero andiitana kachitatu. M'mawa imatseguka popanda vuto. Dzuwa likangopendeka, ya ma rod ija imauma gwa, mpaka kuchita kuiguda ndi phewa. Mtsikana wa pa till wayesa ine ndikuona, yakana. Mafuta a WD-40 ndathira, cover ndamasula, mkati palibe chothyoka. Zitsekozo sindinamange ine, ndinapeza owotcherera atamanga kale. Ndiye mwini wake akuti popeza ikuvuta ingochotsani rod ya pansiyo, ndipo azikulunga tcheni pa ma bar onse awiri chifukwa katundu akumatulukira pomwepo. Ndalama yanga yotsala wagwira. Ndikuganiza zongodula rod ya pansi ndi gilayinda 10 mm ndione. Alipo anakumanapo nazo?

Madala_Loko
Mahinji amenewo achimwene. Chitseko chachitsulo cha 2.4 n'cholemera, owotcherera amangomata mahinji awiri basi nkumapita. Chagwa mphuno chimenecho. Ikani lachitatu, nkhani yatha.

Fitala_Zitseko
Alipo atatu kale madala. Levulo ndaika, chili chilili.

Madala_Loko
Levulo siona zonse. Chinyamuleni ndi mgwala chakumapeto kuja muone ngati sichigwedera.

Mayi_Aluminiyamu
Gilayinda ikeni pansi kaye achimwene. Rod mukadula simudzaibwezeranso, ndipo mukaperewetsa ya pansi chitseko chizingogwira m'mwamba mokha, wakuba akangolowetsa chitsulo pansi chapindika.

Chitani izi masana omwewo, pamene yauma. Tsegulani chitseko chikhale pa mphepo, mukankhe bar. Ikafewa, ndiye kuti makina alibe mlandu. Kenako tsekani, muuze munthu akhale kunja akankhire chitseko mkati ndi manja awiri, inu mukankhe bar. Ikatseguka mofewa, dziwani kuti ma rod akupanikizika m'mbali mwa ma keep, tizitsulo ta mabowo momwe amalowa, si nkhani ya kutalika ayi. Pakani choko kapena marker kunsonga kwa rod, tsekani ndi kutsegula kasanu, muone mbali imene yapalika.

Ndifunse: khomolo layang'ana kuti, ndipo penti yake ndi ya mtundu wanji?

Fitala_Zitseko
Layang'ana kolowera dzuwa mayi. Penti yakuda bii, mwini wake ndi amene anasankha.

Mayi_Aluminiyamu
Ndiye ndi zomwezo. Lata lakunja likatentha limafutukuka, lamkati likadali lozizira, chitseko chimapinda ngati uta. Simungaone ndi maso, mamilimita atatu kapena anayi okha, koma rod imene munaiika yothina m'mawa imakhala yakanirira. Kokani chingwe kuchokera pakona ya m'mwamba kufika ya pansi, muyeze mpata wa pakati m'mawa, muyezenso masana. Keep ya m'mwamba ambiri amaipanga ndi mabowo otalika, masulani masikuluwu muisunthire kunja pang'ono. Ya pansi ndiye mutu, ngati munaikwirira mu simenti.

Madala_Loko
Dzuwa lakhala likuwomba zitseko kuyambira kale, ife tikumanga. Hinji likakhala lolimba chitseko sichipinda. Ine ndanena.

Kalipentala_Wakale
Za pansizo zandikumbutsa. Ine ndinamanga ya ma rod pa holo ina, ndinayesa, ndinasayinitsa pepala, ndinapita. Patapita mwezi foni, akuti chitseko chanu sichikutseka. Kukafika ndinapeza a matailosi abwera pambuyo panga, akweza pansi, bowo la rod alidzaza ndi grout mpaka kusalaza bwinobwino ngati panalibepo kanthu. Rod inkangokhala pamwamba pa tailosi, itajambula chizere chozungulira ngati kampasi ya ku sukulu. Mlonda anangopeza nzeru yake, nkumatchinga ndi benchi usiku. Tsiku la msonkhano benchi ili pomwepo, anthu mazana mkati. Ndinatuluka thukuta.

Kuyambira pamenepo sindimanga rod ya pansi a matailosi asanamalize. Ndipo pa shopu bowo limenelo lizidzaza ndi mchenga ndi zinyenyeswazi sabata iliyonse, osesa amakankhira momwemo. Tengani waya mutokose kaye musanaganize zambiri. Onaninso kakachitsulo ka m'mwamba kamene kamagwira ma rod chitseko chikatseguka. Mukalumikiza rod nkulakwitsa pang'ono muyezo, kameneko sikagwira, ya pansi imayamba kukwekwereza.

Woyendera_Nyumba
Za ma rod akuuzani amisiri. Ine changa ndi tchenicho. Bambo Fitala, musavomere, ndipo musangokana pakamwa. Lembani kuti mwakana, tsiku ndi nthawi, mujambule khomo mmene mwalisiyira. Tsoka silinunkha. Likadzagwa adzafunsa kuti anagwira khomo ili komaliza ndani, mwini shopu adzaloza inu.

Mmene ilili panopa yalephera kale. Pa EN 1125, muyezo wa ku Ulaya wa ma panic bar, bar iyenera kutseguka ndi mphamvu yosapitirira 80 N, tinene makilogalamu 8. Amayesanso chitseko chitapanikizidwa ndi 1000 N, ngati mmene chimakhalira anthu akaunjikana pakhomo, ndipo pamenepo isapitirire 220 N. Aku America amati mapaundi 15. Ngati mtsikana wa pa till walephera masana kukuwala, mumdima ndi utsi nanga? Mulibe choyezera, tengani sikelo yoyezera thupi, muigunditse pa bar nkukankha pang'onopang'ono, muwerenge pamene yatseguka. Si ya labu koma ikuuzani zoona.

Chinanso, zitseko zovundikirana ngati zanuzo munthu akakankha bar iliyonse, ngakhale ya chachiwiricho, khomo liyenera kutseguka. Wothawa moto sasankha kuti choyamba ndi chiti. Munayesa kukankha cha ma rod chokha, chinzake chili chotseka?

Fitala_Zitseko
M'mawa chimakankha chinzake nkutseguka zonse. Masana ndi chimene chikukanacho. Koma bwana, mwini wake akuti tcheni ndi cha usiku wokha, anthu onse atatuluka.

Woyendera_Nyumba
Onse amatero. Tcheni cha usiku chimagona pomwepo mpaka masana tsiku limene wosunga kiyi wachedwa kapena wadwala. Komanso usiku muli olongedza katundu m'mashelefu, muli osesa. Ine ndapezapo loko pa khomo lothawira nthawi ya nkhomaliro, ndikufunsa kiyi, akuti ali ndi bwana, bwana apita ku banki.

Mukawauze za Ycuá Bolaños, supamaketi ya ku Asunción ku Paraguay. Moto unabuka pa 1 August 2004, anafa anthu oposa 300, ndipo opulumuka anachitira umboni kuti zitseko zinatsekedwa kuopa kuti anthu athawa ndi katundu wosalipira. Eni ake anakalowa kundende. Pa moto wa ku fakitale ya zovala ya Triangle ku New York mu 1911 chimodzimodzi, khomo lokhoma kuopa kuti antchito aba, anafa 146, ambiri atsikana osoka zovala.

Wamagetsi_J
Ngati vuto ndi akuba bwanji osangoika maglock, loko ya maginito yoyendera magetsi? Ndimamanga tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima imasiya yokha, mukailumikiza ku alamu ya moto imasiyanso, pambali nkuika kabokosi kobiriwira koti ukaswa galasi khomo limatseguka. Ma rod onsewo nkuchotsa.

Mayi_Aluminiyamu
Nkuchotsa? Ndiye magetsi akazima usiku khomo likhale pululu, akuba alowe akuimba nyimbo? Ndipo mukaika batire kuti isasiye, mwabwerera ku tcheni chomwe chija, kungoti chamawaya.

Wamagetsi_J
Mayi, batire silivuta ngati relay, kaswitchi ka alamu, yadula mzere wopita ku maginito penipenipo. Vuto ndi anyamata amene amalumikiza kudzera mu controller, kabokosi kolamulira loko, controller ikasokonezeka khomo osatseguka.

Woyendera_Nyumba
Ndi zimene ndimapeza kawirikawiri zimenezo. Ndikakanikiza alamu, belu likulira, maginito ili gwa. Pamalo polowa anthu wamba, amene sadziwa nyumbayo, musayembekezere kuti munthu afunefune kabokosi kobiriwira ali ndi mwana kumanja. N'chifukwa chake pali EN 1125 ya bar yopingasa, yotenga gawo losachepera 60 peresenti ya m'lifupi mwa chitseko, ndi EN 179 ya handulo kapena kapadi, imene ndi ya malo ngati ofesi kumene onse amadziwa khomo. Zamagetsi zili ndi muyezo wakewake, EN 13637. Ku America amalola delayed egress, ukakankha bar alamu imalira, khomo nkutseguka patatha masekondi 15, koma pamafunika chikwangwani pachitseko, nyumba yokhala ndi ma sprinkler owaza madzi pa moto kapena zonunkhiza utsi, ndipo si nyumba iliyonse imaloledwa. Musamange zimenezo musanafunse ozimitsa moto a kwanuko.

Chophweka: alamu ya batire yolira khomo likatseguka, kamera pamwamba, kunja osaika handulo. Akafuna kulowera kunja, ikani ka outside access, kotsegulira kunja ndi kiyi. Wakuba wamkati amaopa phokoso kuposa loko.

Madala_Loko
Mwafika ku Paraguay, mwafika ku America, koma hinji palibe amene waliyang'ana. Achimwene Fitala, pini ya hinji la m'mwamba yadyeka kapena ayi?

Kalipentala_Wakale
Madala, zitseko za mwezi umodzi pini idyeke liti?

Madala_Loko
Owotcherera akatentha hinji kwambiri limapotoka tsiku lomwelo. Ndaona ndi maso angawa.

Mayi_Aluminiyamu
Pamenepo madala sakunama, zimachitika. Koma hinji lopotoka limavuta m'mawa ndi masana omwe, silidikira dzuwa.

Wophunzira_22
Pepani akuluakulu, ine ndikuphunzira kumene, safunsa anadya phula. Pa bar ina ndinaona kabowo ka Allen key, ukapotoza bar imakhala yokanikizika, chitseko nkumangokankhika ngati cha wamba. Sangachite zimenezo masana, madzulo nkumasula?

Woyendera_Nyumba
Imeneyo ndi dogging mwana wanga. Pa khomo lotulukira panja chabe imaloledwa malo ambiri. Koma ngati chitsekocho ndi chotchinga moto, ayi ndithu, chifukwa chotchinga moto chiyenera kudzitseka ndi kugwira latch nthawi zonse, apo ayi mpweya wotentha umachikankha utsi nkudutsa. N'chifukwa chake ma bar a zitseko za moto sabwera ndi kabowo kameneko. Ndipo kwa bambo Fitala kungakhale kubisa matenda. Tsiku lina adzaiwala kupotoza.

Kalipentala_Wakale
Mnyamata, ma bar amenewa anabwera ndi maliro. Ku Sunderland ku England mu 1883, ku Victoria Hall, kunalibe ngakhale moto. Ana ankathamangira mphatso kutsika masitepe, pansi nkupeza chitseko chotsegukira mkati, chokhomedwa ndi bawuti kusiya kampata kodutsa mwana mmodzi. Anafa ana 183 kupanikizana. Ku Chicago mu 1903, moto wa ku Iroquois Theatre unapha anthu pafupifupi 600, makomo ena anali ndi zotsekera zoti anthu sankazidziwa matsegulidwe ake. Kampani ya Von Duprin imene mumaiona m'makatalogi inayamba kugulitsa bar yake mu 1908 chifukwa cha moto umenewo. Ine amene anandiphunzitsa ntchito ankandimanga nsalu kumaso nkunena kuti tsegula. Ukagwira kawiri, umasula zonse nkuyambiranso.

Koma tinene zoona, ya ma rod ndimadana nayo. Pa shopu ma trolley amaigunda, rod ya pansi imapindika mwezi usanathe. Kukanakhala kwanga ndikanaika mullion, mzati wochotseka pakati pa khomo, zitseko zonse ziwiri nkuika za latch. Palibe bowo pansi, palibe coordinator, kachipangizo koonetsetsa kuti zitseko zikutseka motsatana bwino.

Mayi_Aluminiyamu
Mullion pa khomo lolowetsera mapaleti? Adzaichotsa tsiku loyamba nkuiponya kuseri, simudzaionanso. Komatu mwakumbutsa, achimwene Fitala simunatchule ma closer, zipangizo zotseketsa chitseko chokha. Alipo? Zitseko zovundikirana popanda coordinator, choyamba chikatsogola kutseka chinzake chimatsamira pamwamba pake, antchito nkumachimenyetsa kuti chilowe. Kumenyetsa kumeneko kumapinda rod, makamaka polumikiza panu paja. Munalumikiza ndi cholumikizira cha fakitale kapena munawotcherera?

Ndipo WD-40 musiye. Imatsuka girisi wa fakitale nkusiya mkati mouma, fumbi nkumamatira.

Wamagetsi_J
Closer ya size 3 pa chitseko cha 2.4 choyang'ana kumphepo sigwira, ndinayesapo. Koma mukaimanga yolimba kwambiri agogo satsegula. Zonsezi maglock ilibe.

Madala_Loko
Closer imakoka hinji la m'mwamba. Mukaika yamphamvu ndiye mwalimaliza.

Kalipentala_Wakale
Penti yoyera bwanji? Kapena kadenga pamwamba pa khomo. Ndinachitapo pa nyumba ina yosungira katundu, kupinda kunachepa ndithu, ngakhale mwini wake anandida chifukwa mtundu sunagwirizane ndi chikwangwani chake.

Woyendera_Nyumba
Bambo Fitala, mwayeza ndi chingwe chija? Ndipo tchenicho chili pati panopa?

Wophunzira_22
Akuluakulu, poti tili pomwepa, bar imakhala pa msinkhu wanji kuchokera pansi? Template ya m'bokosi inanyowa, manambala sakuoneka.

Mayi_Aluminiyamu
Pakati pa 900 ndi 1100 mm kuchokera pansi pomalizidwa, osati pa simenti ya a matailosi asanabwere. Koma usaboole ndi manambala anga, pezani template ina ya mtundu womwewo, mabowo amasiyana.