Za fungo la coolant lija, gwero lake lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa za Corolla yanga yakale ija, yomwe inkatulutsa fungo lotsekemera la coolant (madzi oziziritsa injini) mkati, madzi a m'kabotolo n'kumatsika pang'onopang'ono ndili pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Pansi pa galimoto sipankaoneka dontho ngakhale limodzi. Ena munatchula head gasket, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Nditafika ndinatsata malangizo anu ofufuza zizindikiro za head gasket yowonongeka. Oyilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, utsi woyera kumbuyo kunalibe, thovu mu radiyeta munalibenso. Makaniko anapopera mpweya mu radiyeta injini itazizira, singano ya geji n'kumatsika yokha. Kenako anatukula kapeti ya kumapazi a mpando wakutsogolo. Kunsi kwake kunali chinyontho chobiriwira, choterera m'zala. Chodontha chinali heater core, karadiyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Achimwene amene munati ndigwire kapeti, zikomo kwambiri, munalasa.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti pa Chikangawa, m'nkhungu muja, ndinayatsa hita, galasi lakutsogolo n'kuchita nthunzi yamafutamafuta yokana kupukutika. Fungo linakulira pomwepo.

Kusintha heater core kumafuna kumasula dashibodi, choncho tangolumikiza mapaipi ake awiri kuti madzi asamalowenso mkati. Ndabwerera ku Lilongwe mlingo wa madzi osatsika. Kapeti ndaichapa ndithu, poti coolant ndi poizoni ndipo ana anga amakwera momwemo. Heater core yatsopano ndiikitsa mvula isanayambe, chifukwa popanda hita galasi limachedwa kuyera.