Kodi mayunivesite asanduka bizinesi basi?

wa_masters:
Abale ndithandizeni kumvetsa. Mayunivesite angapo a ku UK akuchotsa malekichala ntchito komanso kutseka makosi a zinenero ati ndalama palibe, koma omwewo akutumiza ma agent ku India ndi Nigeria kukasaka ophunzira. Ndiye akusankha zoti anthu aziphunzira ndi ndani, aphunzitsi kapena msika?

mkuluwakale:
Ndi msika achimwene. Ku England fizi ya mwana wa komweko ili ndi malire, mu 2012 anaiika pa mapaundi 9,000 pachaka, ndipo kwa zaka zambiri inangosuntha pang'ono pomwe zinthu zonse zikudula. Wakunja alibe malire amenewo, amalipira kawiri kapena kuposa, ndiye ndalama zakezo ndi zimene zimalipira magetsi, ma lab ndi kafukufuku yemwe. Mu January 2024 boma litaletsa ophunzira ambiri a masters kubwera ndi mabanja awo olembetsa anatsika, mabajeti n'kugwedezeka, ndipo zikatere kosi yoyamba kufa ndi imene ili ndi ana ochepa m'kalasi ngakhale ikhale yofunika bwanji.

mayi_wa_lab:
Mwaiwala mbali ya kafukufuku, imeneyo ndiye imandiwawa kwambiri. Munthu umakhala zaka ukufufuza ndi ndalama za boma, pepala lako umalipereka ku journal (magazini yosindikiza za kafukufuku) osalandira kanthu, anzako amaliunika ulere, kenako laibulale ya yunivesite yako yomweyo ikagulenso kuti uliwerenge! Elsevier, kampani yaikulu yosindikiza ma journal, imapeza phindu loposa 30 peresenti pa ntchito imeneyi. University of California inatopa nazo mpaka inasiya kulipira Elsevier mu 2019, anadzagwirizananso mu 2021. Akati open access, kuti aliyense aziwerenga pepala ulere, musaganize kuti zatha, amalipira ndi wolembayo, mu 2020 journal ya Nature inalengeza mayuro 9,500 pa pepala limodzi. Wofufuza wa dziko losauka azitenga kuti zimenezo?

zanga_phee:
Koma tisangonyoza amayi, makampani akamaika ndalama ma lab amakhala ndi zipangizo ndipo ana akamaliza amapezerapo ntchito. Ine chondidandaulitsa ndi ma ranking, yunivesite imathamangira kuchulutsa mapepala achingerezi kuti ikwere pamndandanda ikope olipira. Yunivesite ya Utrecht ya ku Netherlands inatuluka mu wa Times Higher Education mu 2023, ena akuopa kutuluka.

mayi_wa_lab:
Zipangizo zimabweradi, sindikukana, koma funsani kuti n'zofufuzira chani. Matenda ngati likodzo odwala ake ambiri alibe ndalama zogulira mankhwala atsopano, ndiye kampani iikemo ndalama chifukwa chani? Zoterezi boma likapanda kulipirira zimangokhala choncho.

wa_masters:
Zikomo nonse, ndamva. Nanga ma journal osalipiritsa wolemba alipo odalirika?