Ndigule Mercedes C200, BMW 320i kapena Mark X yogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku Mzuzu?

Bambo wa ku Katoto walemba:

Moni kwa inu nonse. Ndimagwira ntchito kuno ku Mzuzu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyendera kagalimoto kakang'ono kamene kanditumikira mokhulupirika, koma tsopano ana akula ndipo maulendo a ku Lilongwe achuluka, moti msana umayamba kuwawa ndisanafike n'komwe pa Jenda. Ndasunga kandalama, ndipo mtima wanga uli pa saluni yapamwamba pang'ono imene inayendapo kale. Zimene ndikuziganizira ndi Mercedes-Benz C200 ya pakati pa 2008 ndi 2012, BMW 320i ya zaka zomwezo, Lexus IS250, kapena Toyota Mark X.

Chimene chikundikayikitsa n'chakuti pa masamba a intaneti a ogulitsa magalimoto ku Japan, nthawi zina Benz ndi BMW zimaoneka zotsika mtengo kuposa Toyota zing'onozing'ono za zaka zomwezo. Kodi kutsika mtengo kumeneku kukutanthauza chiyani kwa munthu amene adzakonzetsere galimotoyo ku Mzuzu? Ndikufunanso kudziwa ngati kuli bwino kuitanitsa ndekha kudzera ku Dar es Salaam kapena kugula imene ili kale m'dziko muno. Ndionjezere kuti gawo lomaliza la msewu wopita kunyumba kwanga ndi ladothi, lotsetsereka pang'ono, ndipo limaterera mvula ikagwa. Ndithokoza kwambiri uphungu wa amene magalimoto amenewa amawadziwa bwino.

Makaniko wa ku Luwinga wayankha:

Bambo, ndiyambe ndi funso lanu la mtengo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ku Japan galimoto imayesedwa ndi boma ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo kukonzetsa galimoto ya ku Germany kumeneko n'kokwera mtengo kwambiri. Mwini wake akaona kuti zokonza zayamba kuchuluka amaigulitsa, ndipo popeza ogula magalimoto otere ndi ochepa poyerekeza ndi amene amafuna Toyota, mtengo umagwa. Choncho ntchito imene mwini woyamba anaithawa imabwera nayo galimotoyo mpaka ku Mzuzu, ndipo woilipira ndinu.

C200 ya zaka zimenezo ndi ya gulu la W204, lomwe linapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, ndipo injini yake ndi M271 ya malita 1.8. Ndi galimoto yokhazikika bwino pamsewu, koma injiniyi imadziwika ndi kutha kwa timing chain, tcheni choyendetsa mavavu mu injini, ndi magiya amene tchenicho chimayendapo. Chizindikiro chake ndi phokoso la kugogoda kwa masekondi ochepa mukailiza m'mawa isanatenthe, ndipo chifukwa cha ichi musalole kuti wogulitsa akusonyezeni galimoto imene waitenthetsa kale. Palinso loko wamagetsi wa chiwongolero, amene akafa galimoto siilira ngakhale batire ili yatsopano, ndipo kumukonza kumafuna munthu wa kompyuta osati wa sipanala yekha. BMW 320i ya gulu la E90, yokhala ndi injini ya N46, imayenda mokoma kwambiri m'makona a ku Chikangawa, koma ikakalamba imakonda kudontha oyilo ndi kutulutsa utsi wa buluu ikaima nthawi yaitali ikulira, chifukwa timalabala ta m'mavavu timauma. Zambiri za gulu limeneli zinatuluka ku fakitale ndi matayala otha kuyenda pang'ono ataphwa, motero zilibe tayala lapadera m'buti, ndipo zimenezi si zazing'ono kwa munthu wodutsa m'nkhalango ya Chikangawa madzulo, kuli chifunga, kutali ndi wokonza matayala.

Lexus IS250 ya 2005 mpaka 2013 ndi Mark X ya malita 2.5 zili ndi injini imodzi, 4GR-FSE, ya masilinda 6. Ubwino wake ndi wakuti Mark X zilipo zambiri m'Malawi, choncho amakaniko tinazizolowera, ndipo zipangizo zake zimapezeka m'masitolo a m'tauni muno, kapena mumazipeza ku Lilongwe tsiku limodzi. Nayonso ili ndi zake: mwaye umaunjikana m'mavavu chifukwa petulo amapoperedwa mwachindunji m'silinda, pampu ya madzi imayamba kudontha ikakalamba, ndipo imamwa mafuta ambiri kuposa Benz ya 1.8, zomwe muyenera kuziganizira mukakumbukira mizere ya pa mafilingi siteshoni imene taiona zaka zapitazi.

Za msewu wanu wadothi, magalimoto onse anayi kawirikawiri amakoka ndi matayala akumbuyo ndipo ndi otsika mimba. Pamatope otsetsereka matako a galimoto amathawira m'mbali, ndipo mwala umodzi ukhoza kuboola sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imagwabe mpaka mu Epulo kwina itasiya kale. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Mark X kapena IS250, n'kuikira chitsulo choteteza pansi pa injini, ndipo ndikanakana matayala opyapyala a marimu akuluakulu ngakhale amakongoletsa.

Wamalonda wa ku Chibavi wayankha:

Amakaniko afotokoza bwino za injini, ine ndikhudze za kuitanitsa. Mtengo umene mukuuona pa intaneti kawirikawiri ndi wa galimoto ili ku Japan. Mukasankha doko la Dar es Salaam umakwera ndi ndalama za sitima ndi inshuwalansi ya panyanja, ndipo pamwamba pake pali zolipira za padoko, za ajenti, za dalaivala ndi mafuta pa ulendo wa makilomita oposa 900 kudzafika pa chipata cha Songwe, kenaka msonkho wa MRA, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, kulembetsa ku Road Traffic, COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Msonkho umayendera mtundu wa galimoto, chaka chake ndi kukula kwa injini, kotero Mark X ya 2,500cc ndi Benz ya 1,800cc sizilipira mofanana. Pitani ku ofesi ya MRA kuno ku Mzuzu ndi chaka ndi kukula kwa injini ya galimoto imene mwaisankha, akuuzeni chiwerengero musanatumize dola ngakhale imodzi. Anthu ambiri amasiya galimoto pa Songwe kwa milungu chifukwa ndalama zinathera panjira, ndipo tsiku lililonse limene yakhala pamenepo limaonjezera zolipira.

Kumbukiraninso nkhani ya ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi galimoto panyanja nthawi imeneyo anapeza kuti ndalama imene anasungira padoko ndi msonkho siikukwananso. Kwa mwini Benz kapena BMW nkhaniyi siithera pa tsiku logula, chifukwa chipangizo chilichonse chochokera kunja chimatsata dola kapena randi.

Ngati mwatsimikiza zoitanitsa, pemphani pepala la ku okushoni limene limasonyeza giredi ya galimoto. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pemphaninso chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan, chifukwa chimalemba makilomita amene inali itayenda pa kuyesedwa kwake komaliza, ndipo mukhoza kuyerekeza ndi amene akuoneka pa dashibodi. Funsani zithunzi za kunsi, popeza magalimoto a kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi ya chisanu ndipo amachita dzimbiri. Ena amabwera ndi matayala a pachisanu, ofewa, amene pa phula wotentha wa ku Karonga sachedwa kutha, choncho ikani ndalama ya matayala anayi mu bajeti yanu. Ndipo pa Songwe musapereke mapepala anu kwa madobadoba. Gwiritsani ntchito ajenti wovomerezeka amene ali ndi ofesi yodziwika.

Mayi wa ku Chimaliro wayankha:

Ndikulemekeza zimene anena amakaniko, koma ndikuona kuti Benz yaweruzidwa mbali imodzi. Ine ndimayendera C200 ya gulu lomwelo, ndipo pa ulendo wa makilomita oposa 350 wopita ku Lilongwe ndimafika ndisanatope, chifukwa mipando yake, kukhazikika kwake ndi mabuleki ake n'zosiyana ndi za magalimoto ang'onoang'ono. Bambo wofunsayo wanena za msana, ndipo dandaulo limeneli si lachibwana. Chitetezo nachonso chiganiziridwe ndi munthu wonyamula ana pa msewu wa M1, pomwe mumapezana ndi mathiraki, njinga ndi ziweto.

Za zipangizo, anthu amaiwala kuti C-Class imapangidwanso ku East London m'dziko la South Africa, ndipo BMW 3 Series inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2018. Chifukwa cha ichi zipangizo zake n'zochuluka ku Johannesburg, zatsopano ndi zakale zomwe, ndipo zimabwera pa mabasi ndi pa mathiraki. Vuto ndi nthawi. Chimene mwini Mark X amachipeza m'mawa womwewo, inu mudzachidikira sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati galimotoyo ndi yokhayo pakhomo, masiku amenewo mudzayendera matakisi ndi akabaza. Njira imene yandithandiza ndi kugula mafyuluta, mapulagi ndi mabuleki nthawi isanakwane n'kuzisunga m'nyumba, ndi kupereka nambala ya chasisi poitanitsa kuti pasabwere chipangizo cha galimoto ina.

Chimene sindingalolere ndi oyilo wa m'madiramu wogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina. Injini imeneyi imafuna oyilo wa synthetic wokwaniritsa muyezo wa MB 229.5, ndipo chifukwa cha fumbi lathu ndi bwino kumusintha msanga kuposa momwe kompyuta ya galimoto ikunenera. Tcheni chija chimatha msanga makamaka pamene oyilo wakhalitsa. Komanso pezani kaye makaniko amene ali ndi kompyuta yotha kuwerenga Mercedes, mulankhule naye musanagule. Mukapanda kumupeza ku Mzuzu, kapena ngati mutagula simutsala ndi ndalama yapadera yokwanira kukonza vuto limodzi lalikulu, pamenepo ndikugwirizana ndi amakaniko kuti mutenge Toyota. Pa msewu wadothi sindingakunamizeni, yanga imagona pa phula, ndipo kumudzi nthawi ya dzinja sindipita nayo.

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni wayankha:

Ndionjezere kanthu kakang'ono kokha. Wayilesi za magalimoto a ku Japan a zaka zimenezo zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 pa FM, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu kuno zili pamwamba pa 90, choncho mudzafunika kachipangizo koonjezera kapena wayilesi ina. Pa Mark X ndi IS250 zolemba za pa sikirini zimakhala m'Chijapani. Pa Lexus ya zaka zoyambirira gwiraninso dashibodi ndi dzanja, chifukwa ina imamata ndi kung'ambika ikakhalitsa padzuwa.

Bambo wa ku Katoto wayankha:

Zikomo kwambiri nonsenu, mwandiunikira zambiri zimene sindikanaziganizira. Mayi a ku Chimaliro, mawu anu a ndalama yapadera andigwira mtima, chifukwa bajeti yanga ndinaiwerengera pa kugula pokha. Tsopano ndikupendekera ku Mark X kapena IS250. Pali Mark X ya 2011 imene ikugulitsidwa kuno, yolembetsedwa kale, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo kuposa kuitanitsa. Amakaniko, kodi ndikaione motani kuti ndisapusitsidwe?

Makaniko wa ku Luwinga wayankha:

Bambo, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Galimoto imene mungaigwire, kuiliza ndi kuikweza pa dzenje ili ndi ubwino umene chithunzi cha pa intaneti chilibe, ndipo ndalama yoonjezerayo mukugulira mwayi woiona ndi kupewa kusintha kwa dola. Ya 2011 ndi ya gulu lachiwiri, GRX130, lomwe linayamba mu 2009 n'kutha mu 2019, ndipo malo a miyendo kumbuyo ndi okulirapo kuposa a IS250, zomwe ana anu akuluwo adzaziyamikira.

Mupite m'mawa ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, injini isanalizidwe. Mukatembenuza kiyi kapena kudina batani, magetsi onse a pa dashibodi ayake kaye kenaka azime, chifukwa ena amachotsa babu la chenjezo la injini kapena la ma airbag kuti vuto lisaoneke. Lumikizani kompyuta, muone ngati zolakwika zafufutidwa posachedwa. Yang'anani madzi a mu radiyeta, akhale a pinki osati a dzimbiri, ndipo fufuzani zouma zofiirira kuzungulira pampu ya madzi. Pansi muone sampu, mashoko ndi malabala a miyendo, chifukwa galimoto imene yayenda m'misewu yathu imayamba kutha kumeneko. Kenaka muiyendetse kutsika msewu wa ku Nkhata Bay n'kubwerera, popeza chitunda chimenecho chimaulula giyabokosi yozengereza, injini yotentha ndi mabuleki onjenjemera.

Pomaliza ndi mapepala. Nambala ya chasisi ya pa galimoto ifanane ndi ya mu bulubuku, dzina la mu bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa, ndipo mufunse umboni wakuti msonkho unalipidwa komanso kuti galimotoyo si chikole cha ngongole ku banki kapena kwa wokongoza ndalama. Ndalama yomaliza muipereke tsiku limene nonse awiri muli ku Road Traffic kukasintha umwini. Ngati wogulitsa avomera, mubwere nayo ku galaja Loweruka m'mawa tidzaikweze tione kunsi.