Ndithandizeniko pa nkhani ya mafilimu akale a atsamunda

Abale anga, ndimaphunzitsa histore ku sekondale ndipo ndikufuna kuonetsa ana a Fomu 3 filimu ya nkhondo ya Azulu ndi Angelezi ya 1879, koma mutu wandiima, ndiyambe ndi iti.

Ndili ndi Zulu ya 1964 ija muli Michael Caine ndi Stanley Baker. Ndi yokoma ndithu, nyimbo za nkhondo zimene Azulu akuimba mmenemo zimachititsa nthumanzi, komanso amene anasewera ngati mfumu ya Azulu Cetshwayo ndi Mangosuthu Buthelezi weniweniyo asanatchuke pa ndale. Koma vuto nkhani yonse yangokhazikika pa nkhondo ya ku Rorke's Drift pomwe asilikali a Angelezi pafupifupi 150 anatchinga Azulu masauzande, mzungu aliyense ali ndi dzina ndi mbiri yake pomwe Azulu akungooneka chigulu chothamangira zipolopolo basi. Chonsecho tsiku lomwelo, pa 22 Januwale, Azulu anali atawakwapula kale Angelezi ku Isandlwana mpaka kufa anthu oposa 1,300, zomwe filimuyi yangozikhudza pang'ono koyambirira. Zimenezo zili mu Zulu Dawn ya 1979 koma yanga ndi yosaoneka bwino, mawu akudukaduka.

Ya Khartoum ya 1966, yonena za nkhondo ina ya ku Sudan, ndaisiya dala, Laurence Olivier anachita kumupaka zakuda kunkhope kuti akhale Mahdi, mtsogoleri wa anthu a ku Sudan, ana angondiseka.

Ndiye inu munaonerapo zonse ziwiri, ndiyambe ndi Zulu Dawn kuti nkhani iyende mwa ndondomeko kapena Zulu kaye? Nanga ilipo ina ya nkhondo yomweyi yopangidwa ndi anthu akuda eni ake? Amene ali ndi Zulu Dawn yooneka bwino andiuzeko, flashi ndili nayo.