Kodi "mapanga awiri avumbwitsa" ikukhudzanso mbendera ya kwathu?

Akuluakulu, ndithandizeni tanthauzo la mwambi wakuti "mapanga awiri avumbwitsa." Mapanga akewo ndi ati? Anyamata ena akuti ndi zikwanje, koma ine ndimadziwa kuti phanga ndi malo a m'thanthwe obisalamo mvula: munthu akuthamangira ili, kenako lija, mvula n'kumuthera pathupi.

Ndafunsa chifukwa gulu lathu la anthu a ku Mulanje okhala muno mu Ndirande, lomwe timasonkherana pa maliro ndi pa ukwati, likufuna kusoketsa mbendera yake. Telala wajambula kale papepala: m'munsi mobiriwira kuimira minda ya tiyi, pakati phiri ndi nsonga ya Sapitwa, pambali kamtengo ka mkungudza. Amalume ena atapatsidwa pepalalo anangolibweza, n'kunena mwambiwu, chopereka osaponya.

Ine sindikuonapo mapanga awiri. Ku Cornwall, m'dziko la Britain, anthu amakweza mbendera yakuda ya mtanda woyera, ya St Piran, makamaka pa 5 Malichi. Amati kuyerako ndi chitsulo cha tini chosungunuka kutuluka m'mwala wakuda, chifukwa kumeneko kunali migodi. Kodi ameneŵa avumbwa?

Yankho la bambo a ku Chilomoni:
Mwana wanga, za phanga walondola, zikwanjezo aziiwale. Mwambiwu umadzudzula mtima wofuna kugwira ziwiri nthawi imodzi, ngati amene wafunsira mbeta ziwiri n'kutsala wopanda banja. Koma amalumewo usawapeputse. Ife a zaka zathu tikamva za mbendera ya chigawo timakumbukira Biafra. Mu 1967 chigawo chakum'mawa kwa Nigeria chinadzipatula motsogozedwa ndi Ojukwu, n'kukweza mbendera yofiira, yakuda ndi yobiriwira, pakati theka la dzuwa lachikasu la cheza 11, kuimira zigawo zake 11. Ukaiona patali ungati ndi yathu. Nkhondo inatha mu 1970, ana ambirimbiri atafa ndi njala, ndipo mpaka lero alipo amene amaikwezabe. Nsalu ikakwera pamtengo imayankhula zambiri kuposa zimene osoka ankafuna.

Yankho la mayi a ku Bangwe:
Bambo, ndakumvani, koma mwambiwu ukunena za munthu wosakhazikika, wosadziwa kolowa. Amene akudziwa kuti dziko lake ndi Malawi ndipo mudzi wake ndi Mulanje ali m'phanga limodzi. Ku Kamuzu Stadium a Maule amabwera ndi zofiira, a Manoma ndi zabuluu, Flames ikamasewera onse amakupiza mbendera imodzi. Kuvumbwa kwenikweni tinakuona mu 2010, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa pa mbendera ya dziko dzuwa lotuluka la cheza 31 la mu 1964 n'kuika dzuwa loyera lathunthu. Ena ankasunga yakale m'nyumba, yatsopano ili kumaofesi, mpaka Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa yakaleyo mu 2012, nthawi ya Joyce Banda.

Achimwene a ku Ndirande, langizo langa ndi ili: dzuwa musaikepo, ndipo mizere yakuda, yofiira ndi yobiriwira musaindandalike pamodzi. Phiri ndi tiyi zakwana. Mukatero bwererani nalo pepalalo kwa amalume, muwafunse kuti phanga lachiwirilo akuliona pati.