Kodi kuyabwa kumapatsirana ndi maso?

MayiWaKuYeoville: Abale, ndimasoka zovala m'shopu ina kuno ku Johannesburg, ndipo m'nyengo yozizira ino, pamene mphepo ili youma, mnzathu wina amangodzikanda mikono tsiku lonse. Chodabwitsa n'chakuti enafe timayambanso kumva kuyabwa, ngakhale kuti mnzathuyo alibe mphere. Kodi chimatichititsa zimenezi ndi chifundo?

MnyamataWaKuDedza: Mayi, zimenezi zimachitikira mu ubongo. M'chaka cha 2012, Henning Holle ndi anzake ku England anaonetsa anthu mavidiyo a ena akudzikanda, uku akuwajambula ubongo ndi makina a MRI. Anapeza kuti mbali zimene zimagwira ntchito munthu akamamva kuyabwa kwenikweni, monga yotchedwa insula ndi ina imene imalandira uthenga wochokera pakhungu, zinkagwiranso ntchito mwa anthu amene ankangoonererawo. Koma pa nkhani ya chifundo, zotsatira zake sizinagwirizane ndi maganizo anu. Amene kuyabwako kunkawagwira kwambiri sanali anthu odziwa kumva mmene anzawo akumvera, koma amene sachedwa kuda nkhawa ndi kukhumudwa.

BamboWaKuTurffontein: Mwanena zoona achimwene, ndipo ine ndikuona kuti chifundo tikuchinamizira. M'chaka cha 2017, gulu la Zhou-Feng Chen ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America linaonetsa mbewa za mu labotale vidiyo ya mbewa inzawo ikudzikanda, ndipo nazonso zinayamba kudzikanda. Uthengawo unkadutsa pa kachigawo kakang'ono ka ubongo kamene kamayendetsanso nthawi yogona ndi yodzuka, kudzera m'mankhwala a m'thupi otchedwa GRP. Ataletsa mankhwalawo kugwira ntchito, kutengerako kunatha. Mbewa si munthu, komabe sindikhulupirira kuti inkamvera chisoni chithunzi cha pakompyuta. Maganizo anga ndi akuti thupi limangodzitchinjiriza, popeza pamene wina akudzikanda pakhoza kukhala nsabwe kapena nsikidzi.

MayiWaKuYeoville: Zikomo nonse, ngakhale kuti mwandilanda ulemu wa munthu wachifundo n'kundipatsa dzina la munthu wankhawa. Ndikuwerenga mayankho anuwa ndikudzikanda m'khosi.

MnyamataWaKuDedza: Zimenezonso n'zodziwika, chifukwa kungomva nkhani ya kuyabwa kumayabwitsa. Komabe musaike zonse pa ubongo, mayi. Ngati kuyabwako kukupitirira mukaweruka, makamaka usiku, kapena mukaona tizilonda pakati pa zala, pitani nonse ku kiliniki akakuoneni.