Mayi akulephera kulowa mu MRI, hypnosis ingathandize?

WaShifitiYaUsiku: Anzanga thandizeni, zandikwana. Mayi wina wabweranso lero, brain scan ya MRI, kujambula ubongo m'makina a maginito aja olowamo ngati mphanga. Ndikangotseka head coil (chipangizo chophimba mutu ndi nkhope pojambula) n'kuyamba kulowetsa tebulo, akufinya belu, thukuta kamukamu, akuti mpweya ukuwathera. Ngakhale localiser (zithunzi zoyambirira) sitinamalize. Adokotala akufuna zithunzi, panja anthu ali pamzere. Mwana wawo akuti anamva kuti hypnosis (kumulankhula munthu mpaka akhazikike ngati ali m'tulo) imachotsa mantha a malo opanikizika. Alipo anayesapo?

AchimweneCT: Diazepam basi, mankhwala okhazika mtima pansi aja. Adokotala alembe, amwe asanalowe.

SisiteWaKuLeeds: Kuno ena amaphunzitsidwa kalankhulidwe kotero. Elvira Lang, dokotala wa radiology ku America, njira yake anaitcha Comfort Talk. Si zogoneka munthu ngati za pa TV ayi. Umalankhula mofatsa pa intercom, apume pang'onopang'ono, maganizo awapititse kumalo komwe amakukonda. Osamanena kuti "musaope, simubanika", ndiye kuti mwawakumbutsa kubanikako. Bore yanu (bowo lolowamo wodwala) ndi 60 cm kapena 70? Galasi la pa coil loti aziona kunja lilipo?

WaShifitiYaUsiku: 60 sisite. Galasi linasweka kalekale.

SisiteWaKuLeeds: Ndiye aphimbeni kumaso ndi kansalu tebulo lisanasunthe, osati ali kale mkati. Wachibale, mutamuchita screening yoona kuti alibe chitsulo chilichonse, alowe aziwagwira phazi.

AchimweneCT: Nthawi yonseyo muitenga kuti ndi mzere umenewo? Diazepam.

MkuluWakale: Ana anga, mawu akuti hypnosis musawatchule mwachisawawa. Bambo wina nditamufotokozera kuti atseke maso azingomvera mawu anga, anadzuka n'kuvala nsapato, akuti abusa awo amaletsa za mizimu. Sanabwerenso, chikhalirecho chotupa chinali m'mutu. Zimandipwetekabe mtima. Ingonenani kuti tipumira limodzi. Komanso simukudziwa chomwe chinayambitsa manthawo, ena anatsekeredwapo m'chipinda ali ana. Mukazivundukula pa tebulo mutani nazo? Ife si a psychology. Mantha enieni otere amathetsedwa ndi akatswiri pomuzoloweretsa munthu pang'onopang'ono, osati tsiku la scan.

AchimweneCT: Ndi zomwe ndikunenazo achikulire. Mankhwala.

MkuluWakale: Mankhwalawo ali ndi zake achimwene. Akuyang'anira kapumidwe ndani? Pulse oximeter (kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi) yololedwa mu MRI muli nayo? Munthu akafooka, namwino wachangu amathamanga ndi silinda ya okosijeni yachitsulo. Mu 2001 ku New York mnyamata wa zaka 6 anamwalira choncho, maginito atakoka silinda n'kumumenya m'mutu. Ndipo womwa diazepam asayendetse galimoto pobwerera.

Wophunzira: Pepani mabwana, kulowetsa miyendo kaye sikungatheke?

SisiteWaKuLeeds: Pa bondo inde, mutu umatsala kunja. Pa brain mutu uyenera kukhala pakati penipeni pa maginito, palibe kuzemba.

AchimweneCT: Kapena afunseni adokotala ngati CT, sikani ya X-ray ija, singakwane, ndi mphindi zochepa chabe.